Belsat TV, ndalama za Poland zikugwiradi ntchito

Ine Belsat ndimaionera pa YouTube ndipo kunena zoona ntchito yawo ndimaiyamikira. Ndi TV ya chiBelarus koma imaulutsira ku Warsaw, likulu la Poland, inayamba mu 2007 ndi ndalama za boma la Poland poti kwa aneba awowo ma TV akuluakulu onse ali m'manja mwa pulezidenti wawo Lukashenko. Nthawi ya ma demo a 2020 ku Belarus ndiye anagwira ntchito heavy, atolankhani awo Katsiaryna Andreyeva ndi Darya Chultsova anagamulidwa zaka 2 kundende chifukwa chongojambula live basi, zinandiwawa kwambiri. Chondidandaulitsa nchakuti mu 2021 Belarus inati Belsat ndi ya ma extremist ndiye munthu wa ku Minsk, likulu la Belarus, akangosheya nkhani yawo atha kumangidwa, komanso TV yonse imadalira kwambiri thumba limodzi, Poland itadula bajeti mu 2024 zinthu zinagwedezeka. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.