Kusaka makadi kapena kasitolo ka m'kalasi: iti imathandiza pa masamu a nkhani a ma decimal?

Aphunzitsi anzanga, nonse mukudziwa kuti mwana yemwe amakhoza 4.2 − 1.85 pabolodi amatha kuuma mutu masamu omwewo akabwera ngati nkhani ya chingwe chodulidwa. Njira ziwiri zomwe timathamangira ndi kasitolo ka m'kalasi ndi masewero osaka makadi. Zonse ndi za TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, sizilira ndalama, koma ntchito yake ndi yosiyana.

Kasitolo ana amakakonda: mapaketi a shuga opanda kanthu, mabotolo, ndalama za mapepala, wina wogulitsa wina wogula. Vuto ndi tambala. Mabuku amati matambala 100 ndi kwacha imodzi, komatu mwana wa lero sanagulepo chinthu cha K12.75. Kumsika mitengo ndi ya makwacha athunthu, ndiye kadontho ka decimal kamasowa ntchito, phunziro n'kusanduka kuwerenga chenji. Kuti kasitolo kakhale ndi phindu, kazigulitsa zoyeza: mafuta ophikira malita 0.5, mtedza makilogalamu 2.5, nsalu mamita 1.5. Apo mwana amaona ndi maso kuti mabotolo anayi a 0.5 adzaza botolo la malita awiri. Koma ogula ndi ochepa pa nthawi imodzi. M'kalasi lodzaza ambiri amangoonerera.

Kusaka makadi kumayenda motere. Dulani katoni mupange makadi 10 kapena 12. Pansi pa khadi lililonse lembani funso, pamwamba pake yankho la funso la khadi lina. Matani pakhoma, pakhonde, ngakhale pamitengo panja. Gulu likapeza yankho limasaka khadi lomwe lili ndi nambala imeneyo, n'kuyamba funso latsopano, mpaka libwerere pomwe linayambira. Aliyense ali pantchito, ndipo nambala ikasowa pakhoma ana amadziwa okha kuti alakwa, osadikira cholembera chofiira.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi makadi a msampha. Funso likati matumba atatu a mtedza, lililonse lolemera makilogalamu 12.5, ikaninso khadi la 3.75 ndi la 375 pambali pa la 37.5. Pa chingwe chija cha mamita 4.2 chodulidwako 1.85, yankho ndi 2.35, koma ikaniponso 3.65, chifukwa ndi yomwe amapeza mwana wosalemba ziro pambuyo pa 2, amene amangochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu. Pakhadi la msampha lembani kuti "bwererani, onaninso kadontho". Inu mungoima pafupi ndi makadi amenewa, ofunika thandizo abwera okha.

Zovuta zake zilipo. Ana ena amangotsatira gulu la anzawo ochenjera. Choncho gulu lililonse liyambire khadi lakelake, ndipo aliyense alembe njira yonse m'kope, osati yankho lokha. Phokoso nalonso limasokoneza kalasi loyandikana, n'chifukwa chake panja ndi pabwino. Kukonza makadi kumadya madzulo athunthu, ndipo muwayese nokha kaye, poti yankho limodzi lolakwika limaimitsa masewero onse.

Ine ndimayamba ndi kasitolo ka zoyeza pamene ana akungokumana kumene ndi ma decimal. Akayamba kuwamvetsa, makamaka a Sitandade 8 omwe akukonzekera mayeso a MANEB, ndimasankha kusaka makadi, chifukwa kumawakakamiza kuwerenga funso lonse asanagwire pensulo.