Probe ya peptide ija, patatha miyezi 8

Mnzanga wa ku lab ina wandifunsa dzulo pa WhatsApp ngati aitanitse probe yomwe ndinagula ija, nde ndati bola ndingolemba zonse kamodzi.

Kwa amene simukuidziwa, probe imeneyi ndi kamankhwala koonera zochitika mu selo. Ndi ka peptide (katcheni ka ma amino acid) kakafupi, ma phenylalanine awiri ndi tyrosine yokhala ndi phosphate, kuphatikiza dayi yowala yotchedwa NBD. Nzeru yake ndi ya gulu la Bing Xu ku Brandeis, anaonetsa mu 2012 kuti zimatheka mkati mwa selo lamoyo. Phosphate ikadalipo kanthuka kamasungunuka bwinobwino m'madzi, koma enzyme yotchedwa phosphatase ikangoidula tizidutswato timamatana tokha nkupanga timaulusi, pamenepo nde pamawala girini ukayatsa laser ya 488 nm pa microscope. Umaona pomwe enzyme ikugwira ntchito osapha selo.

Botolo loyamba linali bho. Maselo a khansa ya mafupa otchedwa Saos-2 amawala mochita kukoma, ndikathira levamisole, mankhwala otsekereza phosphatase, kuwala kumatsika monga zimayenera. Tsiku loyamba ndinakhala mu chipinda cha mdima chija mpaka usiku ndikungoyang'ana.

Mavuto anabwera ndi botolo lachiwiri, kampani yomweyo, 10 mg. Ndikangothira mu medium, madzi okuliramo maselo, timibulu tobiriwira timayamba kuyandama maselo ndisanaikemo nkomwe, chithunzi chonse mbuu ngati chifunga cha m'mawa. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, ndinachotsa serum poti nayo imakhala ndi phosphatase yake, ndinasintha DMSO yosungunulira probe, ndinasefa, masabata atatu osapeza chithunzi ngakhale chimodzi choti nkuonetsa supervisor. Titaiyeza pa HPLC, makina olekanitsa zomwe zili mu sample, panatuluka ma peak awiri, probe ina inali itataya kale phosphate. Ikanalekeranji kumatana.

Nditawalembera ogulitsawo anatha masiku 9 ali zii, kenako akuti vuto ndi firiza yathu. Zoona magetsi anazimapo masiku awiri, sindibisa, koma botololo linali losatsegula, ufa wouma, ndipo katsalira ka botolo loyamba kanali mu firiza yomweyo pa -20 kakugwirabe ntchito mpaka lero. Ndinawatumizira ma graph onse awiri. Avomera kupanga ina pa theka la mtengo koma shipping ndi kasitomu ndilipirenso ine, ndi mmene forex ikuvutiramu zandiwawa zedi, ndalama ya grant sibwerera.

Nde achimwene, probe yokhayo ndimaikondabe, ndikaona zithunzi zoyamba zija mtima umakhala m'malo. Koma musalipire asanakutumizireni zotsatira za HPLC ndi mass spec (yoyeza kulemera kwa molekyu) za batch yanuyo, osati za pa website, ndipo ikangofika muyeze nokha sabata yomweyo musanagawe mu timachubu. Ya theka la mtengoyo ndayankha kuti ndilipira ndikaona kaye graph.