Nyumba ya Kadare ku Gjirokastër: nyumbayo ndaipatsa nyenyezi zinayi, wotiyendetsa ndamupatsa ziwiri

Ndiyambe ndi zimene zinandipsetsa mtima, chifukwa mpaka lero ndikazikumbukira magazi amathamanga. Tinali ku Sarandë, m'dziko la Albania, ine ndi bambo a kunyumba, pa tchuthi cha masiku asanu m'mwezi wa Okutobala, ndipo tinagula ulendo wa tsiku limodzi uja amagulitsa m'mbali mwa nyanja, wopita ku kasupe wa madzi a buluu wotchedwa Syri i Kaltër kenako ku mzinda wa Gjirokastër. Ma euro 40 munthu mmodzi, nkhomaliro yodzigulira. Ndisanatulutse ndalama ndinafunsa kawiri konse: kodi tikafika kunyumba ya mlembi wa mabuku uja, Ismail Kadare? Mnyamata wogulitsayo anachita kugwira pamtima kuti inde mayi, imeneyo ndiye ili pa pulogalamu. Ine kasupe wa buluu uja sindinkamufuna kwenikweni. Ndinanyamukira nyumbayo.

Syri i Kaltër ndi wokongola, madzi ake ozizira ngati a m'firiji, tinakhalako nthawi yaitali kuposa imene tinauzidwa, basi.

Titafika ku Gjirokastër dzuwa litapendeka kale, wotiyendetsa, bambo wa imvi za apo ndi apo, anatikweza ku linga la pamwamba pa phiri. Anatisonyeza mizinga, anatisonyeza kandege kankhondo ka ku America kaja kakhala pamenepo kuyambira nthawi ya chikomyunizimu, tinajambula madenga amiyala a mzinda wonse ndi chigwa cha Drino. Kutsika apo anatilowetsa mu shopu ina ku msika wakale, ya mnzake mosakayikira, chifukwa anapatsana moni wa anthu odyera mbale imodzi. Mphindi 45 zathunthu tikuyang'ana makapeti ndi timaginito tomata pa firiji. Nditamukumbutsa za nyumba ya Kadare, anayang'ana wotchi nkunena kuti nthawi yatha, komanso kulibe choti ndikaone. "Mayi, nyumba imene ija inapsa. Zimene zilipo ndi zatsopano zokhazokha. Ngati mukufuna nyumba yakale ndikusonyezeni ya Skenduli tili panja."

Tili panja! Munthu wawoloka nyanja, wakwera mapiri m'minibasi yopanda mpweya, kuti adzaone khoma tili panja?

Bambo a kunyumba amadana ndi mikangano ya pagulu, anayamba kundikoka dzanja kuti amayi, zisiyeni. Ine ndinakana. Ndinauza wotiyendetsayo kuti ine ndikupita, ngati minibasi inyamuke inyamuke, ndidzapeza furgon yobwerera ndekha. Furgon ndi maminibasi awo, ndipo zoona zake sindinkadziwa ngati inalipo yonyamuka madzulo amenewo. Koma mawu anali atatuluka kale.

Kuchokera ku msika kukafika ku Palorto, dera limene kuli nyumbayo, si kutali, koma miyala ya m'misewu ya mzinda umenewu ndi yoterera ngati therere, makamaka kukayamba kuwaza. Ndipo kunayambadi kuwaza. Valani nsapato zogwira pansi, osati zimene ndinavala ine. Cha komweko kuli kanjira kopapatiza kotchedwa Sokaku i të Marrëve, kutanthauza kanjira ka amisala, ndipo bambo a kunyumba atamva tanthauzo lake anangoti dzinalo latiyenera. Mtunda wochepa chabe kuchokera pa nyumba ya Kadare pali nyumba yosungiramo zachikhalidwe, yomwe inamangidwa pamalo pamene panabadwira Enver Hoxha mu 1908. Wolamulira wankhanza amene anagwira dziko la Albania pakhosi kuyambira 1944 mpaka imfa yake mu 1985, ndi mlembi wamkulu wa dzikolo amene anabadwa mu 1936, onse ana a dera limodzi. Zimenezi ukaziwerenga m'buku zimangomveka ngati nkhani. Ukaziyenda ndi miyendo yako nkuona kuti ndi mtunda woti mwana ungamutume kukapempha moto, thupi limachita tsemwe.

Ndalama ya pakhomo pa nyumba ya Kadare inali ma lek (ndalama za ku Albania) ochepa, osafika mtengo wa mbale ya qifqi, timipira ta mpunga tokazinga ta kumeneko, ndi chakumwa. Khalani ndi ndalama m'manja.

Tsono apa ndivomereze: wotiyendetsa uja sananame. Nyumbayo inapsadi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anaimanganso mothandizidwa ndi UNESCO nkuitsegula mu 2016, chaka chimene Kadare anakwanitsa zaka 80. Mukalowa mumamva kuti matabwa ndi atsopano, makoma ndi osalala, mulibe fungo lija la nyumba yakale imene anthu aphikiramo ndi kuliriramo maliro. Zipinda ndi zazikulu, katundu ndi wochepa. Muli zithunzi, muli mabuku ake m'zilankhulo zosiyanasiyana, muli zolemba zofotokoza moyo wake. Mphindi khumi zoyambirira ndinali nditagwa mphwayi, ndikudziwerengera mumtima ndalama za takisi yobwerera ku Sarandë, nkumadzifunsa kuti kodi ndakanganirana ndi munthu chifukwa cha nyumba yopanda kanthu?

Kenako tinatsikira pansi, ndipo ndinachiona chitsime.

Amene munawerenga Kronikë në gur, buku lake la 1971 limene pa Chingerezi amalitcha Chronicle in Stone, mukudziwa chimene ndikunena. Amene simunawerenge, mvetserani. Nyumba zakale za ku Gjirokastër zinamangidwa pa phiri la miyala pomwe madzi anali ovuta, choncho nyumba zikuluzikulu zinkakhala ndi chitsime chakechake mkati, chomangidwa pansi pa nyumba, chosatumphuka madzi koma cholandira a mvula ochokera padenga kudzera m'mipopi. Banja linkamwa madzi amenewo mpaka chilimwe. M'bukumo kamnyamata kamene kakusimba nkhaniyo kamakonda kuweramira pakamwa pa chitsimecho nkukuwiramo, chitsimecho nkumakayankha. Ndipo bukulo likungoyamba pali usiku wa chimvula pamene chitsime chadzaza mopitirira, banja lonse ladzuka, oyandikana nawo abwera ndi zidebe kudzathandiza kutunga madzi kuti asagumule nyumba. Ndinawerenga mutu umenewo zaka zapitazo ndili pa shifiti ya usiku, ndipo unandikumbutsa amayi anga akutidzutsa pakati pa usiku kuti titchere ndowa ndi mabafa pansi pa malata mvula yoyamba ikagwa. Kusiyana kwake nkwakuti ife tinkathamangira kuti madzi asatithawe, iwo ankathamangira kuti asawamize.

Moto umadya matabwa, koma miyala ya pansi suyitha. Ndinaima pamenepo, kunja mvula itayamba kugwa ya zedi, ikumveka padenga lamiyala mosiyana ndi mmene imalirira pa malata, phokoso lolemera, losathamanga. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe mlendo wina koma ife awiri. Ndinawerama, mayi wamkulu wa zidzukulu ziwiri, nkuitana chapansipansi. Mawu anga anabwerera, atanenepa, ngati wayankha ndi munthu wina wokhala pansipo. Bambo a kunyumba anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako nawonso anawerama nkuitana dzina langa, lija la paubwana limene sanalitchule zaka zambirimbiri. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinapukuta m'maso ndi mpango.

Pansi pomwepo ndi pamenenso m'bukumo anthu a m'deralo ankabisala ndege zikamaponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nthawi imene mzindawu unkangosinthana manja, lero Ataliyana, mawa Agiriki, kenako Ataliyana abwereranso, pomaliza Ajeremani. Ukaona kukhuthala kwa makoma a pansi umamvetsa chifukwa chake anthu ankathawira m'nyumba ngati imeneyi.

Titakwera kubwerera pakhomo, ndani wayima pamenepo? Wotiyendetsa uja, malaya atanyowa mapewa onse, atanyamula maambulera awiri. Gulu lonse analisiya pa malo omwera khofi nkutilondola. Ndinakonzeka kuti tiyambirenso, koma iye anangondipatsa ambulera nkufunsa kuti, "Mwachiona chitsime?" Nditavomera anagwedeza mutu, nati kwa agogo ake kunalinso chotero, ndipo ana ankaletsedwa kuseweretsa chivundikiro chake.

Tikutsika pang'onopang'ono pa miyala ija ndi pamene anamasuka. Anati iye Kadare samukonda, ndipo sabisa. Abale ake ena anazunzika m'nthawi ya Hoxha, pamene Kadare anali phungu wa nyumba ya malamulo ya boma lomwelo, mabuku ake akutuluka, akuyenda kunja. Anati munthuyo anathawira ku France mu 1990 zinthu zitatsala pang'ono kugwa kale. Ine ndinamuyankha kuti komatu mabuku ake ena analetsedwa ndi boma lomwelo, ndipo amene anawerenga nkhani yake ya nyumba yachifumu yosonkhanitsa maloto a anthu anadziwa bwino lomwe kuti akunena ndani. Iye anati inde, nzoona, zonse ziwiri nzoona. Sitinagwirizane. Koma ife amene tinakula nthawi imene Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, pomwe ena ankalemba mophiphiritsa nkumapulumuka, mkangano umenewu si wachilendo, ndipo sindingamuweruze munthu amene chilonda chake ndi cha m'banja.

Ndiye mkwiyo wanga unatsikako. Osati wonse. Maganizo ake pa Kadare ndi ake, koma ine ndinalipira ulendo umene unalembedwa kuti tikafika panyumbayo, ndipo si ntchito yake kundisankhira choti ndione. Akanati ndinali munthu wofatsa ngati bambo a kunyumba, ndikanabwerera ku Sarandë ndi kamaginito ka pa firiji basi. Za mphindi 45 za mu shopu ya mnzake zija sanapepese, ndipo nditazitchula anangoyang'ana kumbali. Nyenyezi yachiwiriyo ndamupatsa chifukwa cha ambulera.

Nyumbayo ndaichotsera nyenyezi imodzi chifukwa munthu amene sanawerengepo Kadare akhoza kuzungulira mphindi 15 nkutuluka osamva kanthu. Si nyumba yoti ikusangalatseni ndi katundu wakale. Zimenezo pitani kwa Skenduli kapena kwa Zekate, kumene kuli zipinda zokongoletsedwa mmene zinalili kale. Iyi imafuna mubwere ndi bukulo m'mutu. Ngati nthawi ilipo werenganinso Kukulla, kabuku kakafupi ka 2015 konena za amayi ake, amene anakwatiwira m'nyumba imeneyi ali mtsikana nkumaiona ngati ikufuna kuwameza. Mukaima m'zipinda zazikuluzo mudzawamvetsa. Musaisokonezenso ndi nyumba ina ya Kadare ya ku Tirana, fulati imene ankakhala ndi kulemberamo ali wamkulu, yomwenso anaisandutsa malo oti anthu azikaona. Mayi wina wa m'gulu lathu ankaumirira kuti anafikako kale, pomwe ankanena ya ku Tirana.

Mukafuna kupita, musadalire maulendo a tsiku limodzi ochokera kunyanja. Kwerani basi nokha, mugone usiku umodzi ku Gjirokastër, mufunsiretu maola otsegulira chifukwa nyengo ya alendo ikatha zinthu zambiri mumzindamo zimatsekedwa msanga. Ife tinafika pa minibasi anthu ena 12 atatidikira pafupifupi theka la ola, ndipo palibe anatiyankhula mpaka ku Sarandë. Nsapato zanga zinauma patatha masiku awiri.