Mafuta otha ntchito a riyakitala: dziwe, mapaipi, kubweza kwawo kapena La Hague

Chichokereni 2018, pomwe Zambia idasainirana ndi Rosatom, kampani ya nyukiliya ya boma la Russia, zomanga riyakitala ya nyukiliya ya kafukufuku ku Chongwe, anzanga a ku kalasi ya fizikisi sandipumitsa ndi funso limodzi: mafuta akatha mphamvu, mumawaika kuti? Ndiyankhe kamodzi pano, ndileke kubwereza pa foni.

Dziwani kaye kuti chiphaso cha riyakitala chimaneneratu kuchuluka kwa yureniyamu yomwe ingakhale pamalopo, komanso malo oikamo mafuta otha ntchito m'dziwe la madzi loziziritsira ndi owerengeka, otalikirana dala kuti mafutawo asayambe kudzikolezera okha. Malowo akadzaza, riyakitala imaima, ngakhale odwala khansa akudikira mankhwala ochokera mmenemo.

Dziwe ndi lomwe ndili nalo chakukhosi. Aliyense amayambira pomwepo, poti mafuta ongochoka kumene amatentha ndipo madzi amatchinga cheza choopsa. Vuto limabwera akuluakulu akayamba kuliona ngati nkhokwe yaulere. Mafuta ambiri a mariyakitala a kafukufuku amakutidwa ndi aluminiyamu, ndipo aluminiyamu safuna madzi a mchere ngakhale pang'ono. Komwe ndinkaphunzira ntchito, zosefera madzi zidatha mphamvu, zatsopano zidachedwa miyezi chifukwa pepala logulira lidagona pa tebulo la munthu wina. Tinkangoyang'ana nambala ya pa mita ikukwera m'mawa uliwonse. Titadzatsitsa kamera, timadontho toyera tinali titamera kale pa zitsulo. Malipiro obisika ndi amenewo: zosefera, magetsi a mapampu, munthu woyeza madzi sabata ndi sabata kwa zaka makumi, ndipo palibe amene amazilemba mu bajeti yogulira riyakitala.

Mukayesa ndikukokomeza, funsani za Vinča ku Serbia. Riyakitala yawo idaima mu 1984, mafuta adatsala m'dziwe mpaka kudyeka, madzi n'kuipa ndi siziyamu wotulutsa cheza choopsa. Zidatengera IAEA, bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya, ndi ndalama za mayiko angapo kuti mu 2010 zidutswa zoposa 8,000 zipakidwenso ndi kutumizidwa ku fakitale ya nyukiliya ya Mayak ku Russia. Nako ku America, riyakitala ya HFBR ku Brookhaven idatsekedwa mu 1999, patangotha zaka ziwiri chidziwikireni kuti dziwe lake likudonthetsera pansi tritium, mtundu wa haidrojeni wotulutsa cheza. Riyakitala inali yabwinobwino, idafera dziwe.

Kubweza kwa mwini wake ndiye njira yokoma, ikapezeka. Pologalamu ya America yolandiranso mafuta ochokera kwawo idayamba mu 1996, mafuta a aluminiyamu n'kumapita ku Savannah River Site, ndipo mayiko osalemera sankalipira mtengo wonse. Ghana idabweza mafuta a riyakitala yake ya GHARR-1 ku China mu 2017, Nigeria idachitanso chimodzimodzi ndi a ku Zaria mu 2018. Koma taonani: amatenga okhawo omwe yureniyamu yake idachokera kwawo, ndipo changu chawo chidali pa yureniyamu yamphamvu yoti wina angapangire bomba. Ukasinthira ku yofooka, yosafika 20 peresenti, alendo aja amayamba kuchepa pakhomo. Mapologalamuwa alinso ndi tsiku lotsekera.

Ku fakitale ya La Hague ku France amasungunula mafutawo, n'kutsekera zinyalala zake m'galasi. Ntchito ndi yaukhondo, mtengo ndi wa olemera, ndipo katundu amabwerera kwa mwini. Australia idatumiza mafuta a riyakitala yake ya HIFAR kumeneko, mu 2015 sitima idafika ku Port Kembla ndi zinyalala zawo, n'kukaziika ku Lucas Heights komwe zidachokera. Malo osungira omwe boma lidasankha ku Kimba khoti lidawakana mu 2023 anthu a mtundu wa Barngarla atadandaula. Kulipira zonsezo, mlendo n'kugonabe pakhonde pako!

Mtima wanga uli ku Pelindaba ku South Africa, sindibisa. Riyakitala yawo ya SAFARI-1 yakhala ikuyenda kuyambira 1965, ndipo mafuta ake akazizira m'dziwe amawasamutsira m'mapaipi a chitsulo chosachita dzimbiri okwiriridwa pansi, otsekedwa, odzazidwa mpweya wosadya zitsulo. Mulibe madzi, mulibe pampu yoti izime magetsi akathima. Chofunika n'kuumitsa mafutawo bwinobwino asanalowe, chifukwa chinyontho chotsalira chimadya mkati mwakachetechete. Si manda omaliza ayi, adzukulu adzafunikabe kuganiza, koma amagula zaka zambiri pa ndalama zochepa.

Za chitetezo, njira zonse zimafuna mlonda ndi kaundula wosaphonya. Ndodo ina ya riyakitala ya ku Kinshasa idapezeka ku Italy mu 1998 ili m'manja mwa zigawenga.

Ndikadakhala pa tebulo la Chongwe, sindikadasaina popanda mzere wonena kuti wogulitsa adzatenga mafuta ake, wolipira sitima n'kutchulidwa dzina. Ndipo mapaipi ndikadawakumba limodzi ndi maziko a riyakitala, ndalama za omanga zisanathe.