PS2 yaikulu kapena yopyapyala? Tembenuzani kaye makinawo musanapereke madola anu

Kampani ya Sony inasiya kupanga makina osewerera magemu a PlayStation 2 (PS2) kumayambiriro kwa 2013, choncho PS2 iliyonse imene mungaipeze ku Gulf Complex kapena m'timashopu tina ta m'tauni muno mu Harare inagwirapo kale ntchito, ngakhale katoni yake ikhale yowala chotani. Ogula ambiri amangofunsa ngati atenge yaikulu ija kapena yopyapyala. Koma chimene chimanena zoona ndi kapepala komatidwa kumbuyo kapena kunsi kwa makinawo, pamene palembedwa SCPH ndi manambala asanu osonyeza mtundu wa makinawo. Wogulitsa akakana kuti muwerenge kapepalako, kapena ngati kanakandidwa, pitani pa shopu ina.

Yambani ndi nambala yothera. Ikathera ndi 3 ndi ya ku UK, 4 ndi ya ku Ulaya, 2 ndi ya ku Australia. Zonsezi ndi za PAL, dongosolo la zithunzi za pa TV la m'mayiko amenewa, ndipo zimagwirizana ndi magetsi athu a mavoti 220 mpaka 240. Yothera ndi 1 ndi ya ku America, 0 ndi ya ku Japan. PS2 yaikulu ya mayiko awiriwa inapangidwira mavoti 120 kapena 100, ndiye mukangoilumikiza pakhoma popanda chotsitsira mphamvu, mumva kaphokoso kamodzi, kafungo ka kupsa, basi zatha. Komanso makina a ku America salandira madiski a PAL, pamene madiski obwera kuchokera ku South Africa ndi ku UK ndi a PAL amenewo.

Pa zazikuluzi, ife timaika patsogolo SCPH-39003 kapena 39004. Ndi yolemera, fani yake imamveka, koma ndi yolimba, ndipo kumbuyo kwake kuli kachipinda kolowetsamo hard drive ya mainchesi 3.5 kudzera pa network adapter. Adaputa yeniyeni ya Sony imalandira ma hard drive akale a IDE, koma masiku ano kuli zina zolandira atsopano a SATA. Magemu akamachokera pa hard drive amatsegula msanga, laser yowerenga madiski imapuma, ndipo kwa munthu amene akufuna kutsegula kamalo koseweretsa ana a m'dera ku Mbare kapena ku Highfield, makina oyaka tsiku lonse, palibe ina yoposa imeneyi.

Palinso zazikulu za 50003 ndi 50004 za mu 2003, zimene fani yake ndi yachete. N'zokopa, koma zili ndi nthenda yodziwika, yomwenso ili ndi yopyapyala yoyamba ija, 70003 ndi 70004 za mu 2004. Zikakumana ndi diski yokandika kwambiri kapena yokopedwa pa kompyuta, kachipangizo kolamulira laser nthawi zina kamaima, magetsi n'kumangolowabe mu timawaya tosuntha diso la laser mpaka titapsa. Madiski ambiri amene akuyendayenda m'manja mwa anthu masiku ano ndi okandika, ndiye ngati mukudalira madiski, mitundu iwiriyi ipeweni.

Kwa munthu wa pakhomo wongofuna kumenya magemu ngati PES 6 kapena San Andreas madzulo, yopyapyala ya 75004, 77004 kapena 79004 ndiyo yabwino, ndipo chifukwa chachikulu ndi kuzimazima kwa magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya muno mu Zimbabwe. Imadya magetsi ochepa, motero imayenda bwino pa inverter pamodzi ndi TV yaing'ono. Chachiwiri, adaputa yake ya magetsi ili kunja, pa chingwe. Magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kawirikawiri chimapsa ndi adaputayo, imene mungagule ina, osati makina enieniwo. Onetsetsani kuti yalembedwa 8.5V. Musalole kupatsidwa chaja ya laputopu kapena adaputa ya mavoti 12 poti pulagi yake ikulowa. Ngakhale zili choncho, magetsi akathima zulani pakhoma.

Yopyapyalayi ili ndi zofooka ziwiri zofunika kuziona ndi maso. Tsegulani chivindikiro muyang'ane kalamba kopyapyala kofiirira kamene kamatsatira laser. Guluu wake akatha, kalambako kamatukuka n'kumakhudza diski ikamazungulira, n'kusiya mzere wozungulira bwinobwino kunsi kwa diski. Diski yabwino imawonongeka tsiku limodzi. Kukonza kwake n'kosavuta, kumata ndi tepi yomata mbali zonse kapena kusintha kalambako, koma muzichotsetsa pa mtengo. Chinanso ndi timaswichi touza makina kuti chivindikiro chatsekedwa. Tikatha, diski siizungulira mpaka mutapanikiza chivindikirocho ndi dzanja. Mukaona wogulitsa watsamiritsa chala pamwamba pa makina pamene akukuyeserani, mupempheni achichotse.

Yotsiriza ndi 90004, imene inayamba kutuluka cha mu 2007 ndi 2008. Adaputa inabwerera mkati, ndipo poti ndiyo yaing'ono pa msinkhu, laser yake nthawi zambiri imakhala idakali ndi moyo. Vuto lake likukhudza amene akufuna Free McBoot, pulogalamu yoikidwa pa memory card yolola kusewera magemu anu kuchokera pa flash kapena pa netiweki. Pa kapepala kaja pali date code, nambala ndi chilembo. Ikakhala 8A kapena 8B zili bwino. Kuyambira pa 8C, kutanthauza miyezi ya July mpaka September 2008, Sony inatseka khomo limenelo ndipo zambiri sizilandira. Dziwaninso kuti USB ya PS2 iliyonse ndi ya 1.1, yochedwa, moti mavidiyo a m'kati mwa gemu amadukaduka mukamasewera pa flash. Kakhadi kotchedwa MX4SIO, kolowa pa malo a memory card n'kumawerenga SD card, kamathamanga kuposa pamenepo.

Poyesa mu shopu, diski imodzi siikwana. Laser yotopa imatha kuwerenga mtundu wina n'kukana wina. Yesani ya DVD yoyera kunsi, ya CD yabuluu kunsi, ndipo ngati ilipo, yakuda ya PS1, PlayStation yoyamba ija. Yeso lenileni ndi God of War kapena Gran Turismo 4, chifukwa madiski amenewa ali ndi zigawo ziwiri ndipo laser yofooka imagonja pamenepo. Gemu izilowa pa ulendo woyamba, popanda kugogoda kapena kulira kwa kr-kr-kr mkati. Isiyeni iyake mphindi 15, muike dzanja pa fani muone ngati mpweya ukutuluka. Fumbi la mu August ndi September limatseka timabowo timeneti, ndipo yopyapyala ikatsamwa imatentha msanga.

Padi yosewerera yeniyeni, ya Sony yotchedwa DualShock 2, imalemera m'manja ndipo mabatani ake amamva mphamvu ya chala, zimene zabodza zambiri sizichita. Memory card tengani ya Sony ya 8MB yolembedwa MagicGate. Zija zolembedwa 64MB kapena 128MB zimaoneka ngati phindu, koma zimadziwika ndi kutaya magemu osungidwa.

Pa TV ya masiku ano, chingwe cha pulagi yachikasu, yoyera ndi yofiira chimatulutsa chithunzi chachimbuuzi. Ngati TV yanu ili ndi mabowo obiriwira, abuluu ndi ofiira, gulani chingwe cha component. Ngati ili ndi HDMI yokha, kaadaputa kotchipa ka PS2 to HDMI kamagwira, koma lowani kaye mu System Configuration ya PS2 ndi chingwe chakale musinthe Component Video Out ikhale pa Y Cb/Pb Cr/Pr, apo ayi muona mdima wokhawokha n'kuganiza kuti mwagula chakufa. Magemu a PS1 pa timaadaputa timeneti nthawi zambiri saoneka, ndiye chingwe chachikasu chija musachitaye.