Squeegee ya silikoni youmitsira galimoto: pa magalasi ilibe mnzake, koma pa penti muzisamala nayo

Squeegee imeneyi, chida chokankhira madzi pa galimoto mukaitsuka, ndayipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Yomwe ndinagula ine ndi ya masentimita 30 m'litali, chogwirira chake ndi chapulasitiki yolimba, ndipo mlomo wake ndi wa silikoni yofewa kwambiri, yopindika mosavuta, yomwe kumapeto kwake anaiumba mwa chilembo T. Ndakhala ndikuigwiritsa ntchito nthawi yokwanira kuti ndidziwe pomwe imathandiza ndi pomwe ingakuwonongereni galimoto, ndiye ndalemba izi makamaka chifukwa cha anthu amene akuganiza zoigula atangoona mmene imakankhira madzi mokongola.

Chomwe chinandigulitsa ndi madontho. Galimoto yanga ndi yakuda, ndipo aliyense amene ali ndi galimoto yamtundu wotere akudziwa mmene zimawawira kuitsuka bwinobwino kenako n'kupeza timizeremizere toyera paliponse ikauma. Madonthowo si sopo ayi. Madzi ambiri a m'mipopi ndi m'zitsime amakhala ndi michere ya calcium ndi magnesium, ndipo madziwo akauma okha, micherewo imatsalira pa penti. Chitsulo chikakhala chotentha ndi dzuwa, madzi amauma musanafike n'komwe mbali inayo, ndipo madontho amenewa akakhalitsa amatha kudya penti moti kutsukanso sikuwachotsa, pamafunika polishi. Choncho nkhani yonse ya kuumitsa galimoto ndi liwiro: madzi achoke asanayambe kuuma okha. Pa liwiro pamenepa, squeegee imaposa nsalu iliyonse imene ndinagwirapo.

Pa magalasi ndilibe dandaulo ngakhale limodzi. Galasi lakutsogolo, lakumbuyo ndi a m'zitseko, mukangokoka kuchokera pamwamba kutsika pansi, madzi onse amatsetsereka n'kusiya galasi lili mbee, lopanda mizere, lopanda ulusi wa nsalu. Usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo sabalalika pa galasi monga zimachitikira mukapukuta ndi thaulo lonyowa kale. Ngakhale m'mawa mame akagwa, ndimangoitenga n'kuchotsa madzi pa magalasi a m'mbali omwe mawaipa safikako. Pa ntchito iyi yokha, ndalama yanga inabwerera.

Pa denga ndi pa boneti imathamanganso chimodzimodzi. Malo aakulu, osalala, opanda zokhotakhota, imakankha madzi ochuluka nthawi imodzi, ndipo thaulo limene kale ndinkafinya mobwerezabwereza tsopano limangomaliza timadontho totsalira, silikhuta madzi n'komwe. Manja sakutopanso ndi kufinya.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa pa phukusi lake analemba kuti sikanda penti, ndipo mawu amenewo ndi oona pang'ono chabe. Silikoni payokha sikanda, ndi yofewa kuposa penti. Chimene chimakanda ndi mchenga. Penti ya galimoto zamakono ili ndi magawo, ndipo gawo lapamwamba, loonekera mkati lija limene limapangitsa galimoto kunyezimira, nthawi zambiri limakhala la ma micron 40 mpaka 50 okha. Tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa kuposa pamenepo. Mchenga wambiri ndi wa quartz, yomwe pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala ili pa 7, pamene galasi lili cha m'ma 5.5, ndipo penti ili pansi kwambiri kuposa zonsezi. Ndiye taganizirani kamchenga kamodzi kokha kamene katsalira pa boneti, kapena kamene mphepo yabweretsa inu mukutsuka matayala. Nsalu ya microfiber ili ndi ubweya, ndipo kamchengako kamatha kulowa mkati mwa ubweyawo n'kubisala, osakhudzanso penti. Squeegee ilibe pobisa kanthu. Kamchengako kamakanirira pa mlomo wake, inu n'kukakoka kuchokera ku galasi mpaka kutsogolo kwa boneti, mzere umodzi wautali wowongoka. Mizere yozungulirazungulira imene nsalu yadothi imasiya ndi yosaya ndipo polishi amaifufuta msanga. Mzere wa squeegee umatha kukhala wozama, ndipo pa galimoto yakuda umaonekera patali dzuwa likawomba.

Izi sizinandichititse kuitaya, koma zinandipatsa malamulo anga amene sindiphwanya. Galimoto ndimaitsukira pamthunzi, chitsulo chitazizira, pamalo pomwe sipakuuluka fumbi. Ndimayamba ndi kuithira madzi ambiri kuti mchenga wokhuthala uchoke ndisanaikhudze ndi chilichonse. Ndimagwiritsa ntchito ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi otsukuluzira chotsukira, kuti dothi lisabwerere pa galimoto. Ndikamaliza kutsukuluza, ndimayendetsa chikhatho pa boneti ili yonyowa. Ndikamva kukhakhala kulikonse, squeegee sifika pa penti tsiku limenelo, imathera pa magalasi basi. Ikakhala yosalala, ndimayamba ndi denga, kenako magalasi, boneti ndi buti, ndipo ndikakoka kamodzi ndimapukuta mlomo wake ndi nsalu yoyera yonyowa ndisanakokenso. Anthu ambiri amadumpha pamenepa chifukwa amaona ngati n'kutaya nthawi, koma kupukuta kumeneko ndi kumene kumateteza penti yanu. Sindikanikiza. Kulemera kwa dzanja kokha n'kokwanira, ndipo mukamva ikulira kapena kudumphadumpha, dziwani kuti pamalopo pauma kale, siyani, tengani nsalu.

Kumunsi kwa zitseko, kuseri kwa matayala ndi ku mabampala sindiifikitsako n'komwe. Kumeneko ndi kumene phula la mumsewu, fumbi la mabuleki ndi timiyala timakanirira, ndipo ngakhale mutatsuka mosamala chotani, china chimatsalira. Ikagwa pansi, iyenera kutsukidwa kaye bwinobwino isanakhudzenso galimoto. Ndipo chonde musabwereke squeegee ya mawindo a m'nyumba n'kuiika pa penti. Ija yokhala ndi rabala wopanidwa mu kachitsulo, yomwe wotsuka mawindo wina dzina lake Ettore Steccone anailembetsa ngati luso lake ku America mu 1936, anaipangira galasi lathyathyathya. Ngodya za kachitsulo kake zikakhudza pomwe galimoto yakhota, zimasiya chipsera nthawi yomweyo.

Pomwe yanga imalephera ndi pa zokhotakhota. Kuzungulira makalilole a m'mbali, pa zogwirira zitseko, pa zilembo za dzina la galimoto, pa gilili ndi pa nambala, singachite kanthu. Madzi amabisala m'menemo, ndipo mukangonyamuka amatsika n'kusiya mizere pa chitseko. Choncho musaganize kuti mukaigula ndiye mwatsanzikana ndi thaulo. Thaulo labwino la microfiber likufunikabe, kungoti limodzi limakwanira pomwe kale pankafunika angapo. Ndaonanso kuti pa galimoto yopakidwa wakisi imatsetsereka bwino kwambiri chifukwa madzi amakhala atasonkhana kale m'timadontho tozungulira, pamene pa penti yakale yofwifwa imagwiragwira n'kusiya madzi m'mbuyo. Kunena zoona, galimoto ikakhala ndi wakisi watsopano, mutha kuchotsa mutu wa paipi n'kulola madzi ayende pang'onopang'ono kuchokera padenga, ambiri amatsika okha, moti squeegee imatsala ndi ntchito yochepa.

Za kulimba kwake ndakhutira. Silikoni siuma kapena kung'aluka msanga ndi dzuwa monga amachitira rabala wamba, ndipo mpaka pano mlomo wake ukadali wowongoka, wopanda pobenthuka. Ndimaitsuka ndi sopo ndikamaliza, kuiumitsa, n'kuipachika. Musaiponye m'buti pamodzi ndi jeke ndi masipanala, chifukwa mlomowo ukangochekeka pang'ono, umasiya mzere wa madzi paliponse pomwe mwadutsa, ndipo pochekekapo ndi pomwe mchenga umakonda kubisala.

Kodi ndi ya ndani? Ngati muli ndi minibasi, vani kapena galimoto yaikulu yokhala ndi magalasi ambiri ndi mbali zazitali zosalala, igulani, ikupulumutsirani nthawi yochuluka. Ngati galimoto yanu ndi yoyera kapena yasiliva, mitundu yomwe imabisa timizere ting'onoting'ono, ndipo mumatsuka mosamala, ikusangalatsani. Koma ngati yanu ndi yakuda, yatsopano kapena yongopakidwa penti kumene, ndipo kamzere kamodzi kangakusowetseni tulo, igwiritseni ntchito pa magalasi pokha, penti muisiyire microfiber. Kwa amene amatsukitsa galimoto kwa anthu ena, ndinganene kuti muziyang'ana ngati squeegee yawo akuipukuta akakoka, chifukwa imodzi yomweyo imakhala itadutsa pa galimoto zambiri tsiku limenelo.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri. Chogwirira chake n'cholimba ndipo chimaterera manja akakhala ndi sopo, moti pokoka pakati pa denga, pomwe munthu umatambasula dzanja mpaka pomaliza, ngodya yake imayandikira penti mochititsa mantha. Akanachikuta ndi rabala, vutoli bwenzi palibe. Chachiwiri, inabwera yopanda chovindikira mlomo ndiponso yopanda chenjezo lililonse la mchenga, mawu akuluakulu pa phukusi ali oti sikanda. Munthu woigula koyamba amawakhulupirira mawu amenewo n'kuiyendetsa pa galimoto yotsukidwa mwachangu. Opanga akanangowonjezera kachikwama koisungiramo ndi mizere iwiri yophunzitsa anthu kupukuta mlomo wake akakoka kamodzi, ndikanaipatsa zonse zisanu.