Ndinakachotsa kadontho kakuda kuphazi pa kiliniki ina ku Tete, adokotala ali bwino koma pa resepishoni ayi

Ine ndimakhala ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Kadontho kake kanali kunsi kwa phazi pafupi ndi chidendene, ine ndinkangoti nchipsera cha minga yakudimba basi, mpaka mayi akunyumba tsiku lina ndikutsuka mapazi anati "bambo, kamenekatu kakukula." Ndiye ndinakwera chapa (minibasi) mamawa kupita ku Tete, kiliniki ya pulayiveti yomwe sinditchula dzina.

Adokotala ndiwapatsa ulemu wawo. Sanathamange ayi, anandivulitsa malaya nkuyang'ana msana wonse, zikhatho, pakati pa zala mpaka zikhadabo, kenako anatenga kagalasi kokhala ndi tochi nkugunditsa pa kadonthoko, nkuyeza ndi rula. Mamilimita 5. Anandiuza zomwe amaona pofuna kudziwa ngati kadontho kangakhale khansa: ngati mbali ziwiri sizikufanana, ngati mphepete mwake muli mokhotakhota, ngati kali ndi mitundu yosakanikirana, ngati kapitirira mamilimita 6, komanso chachikulu ngati kakusintha, kuyabwa kapena kutuluka magazi. Ine ndinati koma adokotala khansa ya pakhungu si ya azungu ndi anzathu achialubino amene dzuwa limawapweteka? Anaseka pang'ono nkuti ife akhungu lakuda khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma imakonda kubisala kunsi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo oti dzuwa silifikako kwenikweni, ndipo Bob Marley yemwe uja anamwalira mu 1981 ndi khansa yomwe inayambira pa chala chakuphazi. Apo mtima unagunda, sindinama.

Anajambula pa foni nkuti ndibwerenso pakatha miyezi 3. Nditabwerera kanali pa mamilimita 7, ndiye anati tichotse lero lomwe.

Opaleshoni yake si yoopsa monga ndinkaganizira. Chopweteka ndi jakisoni wochititsa dzanzi uja basi, kunsi kwa phazi amalasa ngati mavu, ndinagwira bedi mwamphamvu mpaka anesi anati "pepani bambo, yatha kale." Kenako umangomva kukokakoka, anadula kadonthoko limodzi ndi kakhungu kozungulira, nkusoka, nkukaika mu kabotolo ka mankhwala kuti akakapime ku labu. Theka la ola silinakwane.

Pomwe ndinakhumudwa ndi apa. Palibe anandiuziratu kuti sindidzatha kuponda, ndiye ndinabwera ndekha ndi nsapato zothina, kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, nkuyenda chotsimphina kukafuna chapa, phazi likugunda ulendo wonse mpaka ku Angónia. Ulusi ndinakachotsa patatha masabata 2 kwathu konkuno. Koma zotsatira! Anati masabata 3, zinatenga pafupifupi 7, foni ya pa resepishoni imangoitana osayankhidwa, akayankha akuti "imbaninso mawa bambo," munthu iwe usakugona ukuganiza za ana. Pomaliza ndinachita kupitanso ndekha nkupeza envulopu ili mu dirowa kuyambira sabata yatha. Ndalama ya chapa yapita chabe.

Zinatuluka kuti sinali khansa, koma adokotala anati ndizidziyang'ana mwezi ndi mwezi ndi kalilole, ndipo anandiletsa zowotcha kapena kudula ndi lezala kunyumba poti ukatero palibe chokapima. Ndingapitenso chifukwa cha iwowo. Inu mukamapita tengani patapata ndi munthu wokuperekezani, ndipo musatuluke musanafunse tsiku lenileni lodzatenga zotsatira.